KUSUNGA MAKOLA, MIZATI NDI MATABWA A PABWALO

Tsopano cimanga ciri m'nkhokwe, ndipo mvula ikali kutali. Miyezi iyi ya August, September ndi October ndiyo nthawi yoyang'ana mitengo yonse yokhala pabwalo usana ndi usiku: khola la ng'ombe, mpanda wa dimba, mizati ya khonde, miyendo ya nkhokwe, ndi ulalo umene ana aolokapo popita ku sukulu. Inu mafumu mudziwa milandu imene ibwera m'January. Ng'ombe zathyola khola usiku, zadya cimanga ca mwini, ndipo munthu alipira mbuzi cifukwa ca mzati umodzi umene unaola iye osauona.

Poyamba tisiyanitse mtengo wotuwa ndi mtengo woola. Thabwa likakhala padzuwa caka cimodzi limatuwa ngati phulusa, koma kutuwako kuli pamwamba pokha, ndipo mukapala ndi mpeni mupeza mkati muli bwino. Kuola kumadza ndi tizomera ta mtundu wa bowa, timene tifuna cinyezi ndi mpweya pamodzi. Cifukwa cace mzati uthyokera pakhosi pace, pamene ulowa m'dothi, kufikira phazi limodzi kunsi kwace, ndiwo masentimita 30. Ciswenso cilowera pomwepo. Tengani khasu, fukulani pang'ono mozungulira, ndipo mubaye mzatiwo ndi msomali waukuru. Ukalimba, ungathe kupulumuka. Koma msomali ukalowa ngati m'mbatata yophika, musataye mankhwala anu pamenepo. Zulani, muike wina. Gogodaninso ndi mpini, pakuti ciswe cimadya mkati ndi kusiya kunja kuli kosalala, ndipo mtengo wotere ulira ngati ng'oma.

Makolo athu anali kusankha mitengo ya mtima wolimba, monga muwanga, tsanya, mkalati, naphini ndi mlombwa. Lero mitengo iyi yacepa, ndipo boma liiteteza, kotero kuti kuidula popanda cilolezo ndi mlandu. Mkungudza wa pa Phiri la Mulanje, umene ciswe sicidya, unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lino m'caka ca 1984, koma anthu audula mpaka watsala pang'ono kutheratu. Tsono cimene tiri naco ndi bulugama, malaina ndi paini wa ku Viphya. Mitengo iyi ikula msanga, koma m'dothi iolanso msanga, makamaka paini, ngati simuithandiza.

Nchito iyamba tsiku lodula. Sendani makungwa pomwepo mtengo ukali wauwisi, pakuti ndi pamene asendeka mosabvuta, ndiponso tizilombo tofumbwitsa mtengo tibisala kunsi kwa khungwa. Sanjani mitengoyo pamthunzi, pamwamba pa miyala, miyezi iwiri kapena itatu. Mtengo wauwisi uli ngati mtsuko wodzala, sulandira kanthu. Apa mafumu angathandize kwambiri. Nkhalango za m'midzi zinayamba m'dziko muno m'caka ca 1926, ndipo Lamulo la Nkhalango la 1997 linazilimbikitsanso. Kumene ziripo, lolani anthu adule mizati m'May kapena m'June, kuti pofika September ikhale itauma.

Mankhwala odziwika ndiwo creosote, mafuta akuda onunkha aja amene muwaona pa mitengo ya magetsi. Ambiri amangonena kuti Solignum, potengera dzina lolembedwa pa citini. Kupaka ndi burashi kulowa pang'ono cabe. Njira yabwino ndiyo kuimika mizati m'mgolo, mankhwala afike cikhatho cimodzi kupitirira pamene dothi lidzalekeza, ndi kuisiya masiku atatu kapena anai. Musatenthe mgolowo pamoto, pakuti mafutawa ayaka. Tsono mverani bwino cinthu cimene ambiri alakwa. Mu bulugama, mbali yoyera ya kunja ndiyo imwa mankhwala, pamene mtima wofiira wa mkati sumwa konse. Munthu akasema mzati wace ndi kasemasema kuti uoneke bwino, wacotsa mbali yomweyo imene ikanasunga mankhwala. Siyani mzati woburungira monga unamerera.

Ena amawaula tsinde la mzati pamoto. Kutero kuthandiza pang'ono, koma moto ukacuruka mtengo ung'ambika, ndipo ciswe cipeza khomo m'ming'aluyo. Ena apaka oilo wakuda wocokera m'galimoto. Ndidziwa kuti ndi wochipa, koma ine sindikulimbikitsani, cifukwa ali ndi poizoni amene mvula imtengera m'dothi. Pafupi ndi citsime kapena dimba asafike konse.

Creosote nayenso si wosewera naye. Aocha khungu, makamaka padzuwa, ndipo wogwira masiku ndi masiku wosadzichinjiriza angadwale khansa ya pakhungu. M'maiko a European Union analeka kumgulitsa kwa anthu wamba m'caka ca 2003. Bvalani malaya a manja atali ndi magolovesi, ndipo ana akhale kutali. Pa nkhokwe pakani miyendo yokha, osati pamene cimanga cikhudza. Musapake modyera ziweto, ming'oma ya njuci kapena mipando yokhalapo anthu. Khola liyambe lauma masabata angapo ng'ombe zisanalowe.

Iriponso mitengo yogula, yooneka yobiriwira pang'ono, imene analowetsa mankhwala ndi makina. Mitengo iyi ikhala zaka zambiri, koma yambiri iri ndi poizoni wochedwa arsenic. Zidutswa zace musazisonkhe pamoto, musasemere mthiko kapena cipande. Phulusa lace liri ndi kamcere, ng'ombe zilinyambita, ndipo lizipha. Mukadula mtengo wotere, mbali yosadula ndiyo ipite m'dzenje, ndipo podulapo mupake mankhwala.

Poimika mzati, ikani mwala pansi pa dzenje, tsindirani dothi bwino, ndi kuliunda pang'ono kuti madzi athawe. Mutu wa mzati muudule mopendeka mvula isaimepo. M'khola musalole manyowa kuunjikana pa mizati; malo ace ndi kumunda. Lambulaninso udzu m'mbali mwa mpanda moto wa chire usanafike.

Tsopano za matabwa a pakhonde, zitseko ndi mazenera. Awa safuna creosote, ndipo penti wopaka pamwamba pa creosote amada ndi kuonongeka. Palani kutuwa konse ndi penti wakale wosendeka, ndi sandipepa kapena cidutswa ca botolo monga acitira akalipentala, motsata m'litali mwa thabwa. Tsukani ndi sopo ndi burashi yolimba, muleke liume masiku awiri kapena atatu. Khomererani misomali imene yaturuka. Kenaka donthezani madzi pang'ono. Akalowa m'thabwa, ndiye kuti mafutanso adzalowa. Akaima ngati mame pa tsamba la nthoci, palaninso.

Pakani mafuta a linseed, kapena mafuta ena a matabwa okhala ndi mtundu wofiira kapena woderako, pakuti mtunduwo ndiwo uchinga dzuwa, ndipo mafuta opanda mtundu salimba panja. Pakani m'mawa mame atauma, kapena madzulo, osati dzuwa liri paliwombo. Kupaka pang'ono kawiri kuposa kuthira kwambiri kamodzi, ndipo otsala pamwamba muwapukute, angamate pfumbi. Kumapeto kwa thabwa, kumene soo inadula, ndiko kumwa madzi koposa, tsono kumeneko bwerezani mpaka kukhute. Pansi popondapo ine sindikonda penti, cifukwa asendeka ndi mapazi ndipo madzi abisala kunsi kwace. Caka ndi caka yesaninso ndi dontho la madzi lija. Likayamba kulowa, nthawi yopakanso yakwana. Nsanza zonyowa ndi linseed musaziunjike m'nyumba, pakuti zitentha zokha mpaka kuyaka. Ziyanikeni panja cimodzicimodzi kapena muzibviike m'madzi.

Ulalo ndi nchito ya mudzi wonse, ndipo ngati mfumu siinena, palibe aupenya. Sankhani tsiku mtsinje ukali wouma, mutume amuna awiri atsike kunsi ndi msomali uja. Ayang'ane makamaka nsonga za mitanda ikuruikuru pamene igona pa gombe, pakuti iyamba kuola kumeneko matabwa a pamwamba akali kuoneka bwino. Nsongazo zigone pa miyala, osati pa dothi. Pakati pa thabwa ndi linzace pakhale mpata wolowa pensulo, ndipo matope ndi masamba otseka mipatayo acotsedwe mvula yoyamba isanagwe.