Chivomezi ndi Nyumba Zimene Tikumanga



Usiku wa pa 10 Malichi 1989 ndinali mwana kwathu ku Balaka pamene malata anayamba kulira, nyumba n'kugwedezeka. Agogo anati ndi Napolo. Chinali chivomezi cha ku Salima, chimene chinapha anthu 9.

Zivomezi zili mitundumitundu. Zina zimadza ndi mapiri ophulika, zina ndi migodi, monga zija ankasimba makolo athu obwerera ku Joni. Zathu kuno n'za ming'alu ya pansi. Nthaka ya Africa ikung'ambika pang'onopang'ono, ndipo chigwa cha Shire, pamene pali Liwonde, chili momwemo. Miyala imakanirirana zaka mazanamazana, tsiku lina n'kutsetsereka mwadzidzidzi. Mng'alu wa Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita oposa 100, uli pakhomo pathu penipeni.

Ku Karonga mu 2009 nyumba zambiri zimene zinagwa zinali za njerwa zomangira dothi. Ambirife tikumanga kumudzi. Ine ndauza mmisiri wanga amangire simenti, aikenso lamba wa konkire ndi zitsulo pamwamba pa makoma onse, ngakhale achimwene akuti ndikutaya ndalama.