Achinyamata Akangoti "Zili Bwino" pa Bwalo

Pa msonkhano wa m'mudzi aliyense amadziwa pokhala pake. Amfumu ndi nduna zawo amakhala pa mipando pansi pa mtengo, abambo pa njerwa, amayi pa mphasa, ndipo achinyamata amaima kumbuyo kwenikweni, atagwira njinga, okonzeka kuzemba nkhani ikatalika. Wapampando akafunsa kuti, "Nanga achinyamata mukuti bwanji?" mmodzi amayankha chapansipansi kuti, "Zili bwino." Tsiku loumba njerwa likakwana, anyamata aja saoneka, ndipo akuluakulu amati ana a masiku ano ndi aulesi.

Mlangizi wina wa zachitukuko wa m'boma la Dedza amayambira pomwepa akamaphunzitsa m'midzi. Amaomba m'manja, napempha amfumu kuti achinyamata asendere kutsogolo, kenaka amafotokoza kuti "zili bwino" uja sikuvomera ayi. Ndi mawu a munthu amene anaphunzira kalekale kuti akatsutsa adzatchedwa wamwano. Ndipo anthu ongokhala chetewa si ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali asanakwanitse zaka 18. Mudzi ukamagwirizana za mjigo, mlatho kapena mdadada wa sukulu popanda iwo, ndiye kuti theka la mudzi silinafunsidwe.

Akuluakulu ena amayankha kuti mu komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ija anthu amangoti VDC, muli kale woimira achinyamata. N'zoona. Koma ndondomeko ya boma imati wachinyamata ndi wa zaka 10 mpaka 35, choncho wosankhidwayo kawirikawiri amakhala bambo wa ana atatu amene nkhawa yake ndi feteleza. Za mtsikana wa Sitandade 7 amene amajomba masiku angapo mwezi uliwonse chifukwa pasukulu palibe chipinda chosinthira, bamboyo sazidziwa, ndipo mtsikanayo sangamuuze.

Phunziro lenileni limayamba ndi achinyamata eni ake, ndipo mlangiziyu sawanyengerera. Amawauza kuti kudandaula ndi kupempha n'zosiyana. Mnyamata akaima n'kunena kuti, "Akuluakulu simutiganizira," wangoyambitsa mkangano, chifukwa palibe chimene amfumu angachite ndi mawu amenewo koposa kudziteteza. Koma akati, "Zikomo amfumu, ndapota nanu. Tilipo anyamata ndi atsikana khumi, tikufuna kachigawo ka kudambo tilimepo tomato chilimwe chino, ndipo tikakolola tidzabwera kudzanena zomwe tapeza," wapereka nkhani yoti akuluakulu aigwire. Wanena chomwe akufuna, anthu ake, nthawi yake ndi mbali yomwe iwo adzachite. Amfumu atha kukana, koma akakana adzayenera kupereka chifukwa, ndipo pa chifukwapo m'pamene kukambirana kumayambira.

Amawayesetsa pomwepo, awiriawiri. Wina amakhala kholo, wina mwana. Poyamba kumakhala kuseka kokhakokha, makamaka mtsikana akamayerekeza mawu a amalume ake, koma sipatenga nthawi kuti nkhani zenizeni ziyambe kutuluka: ndalama ya ganyu imene mwana amapeza koma saiona, foni, ulendo wa ku Joni, chibwenzi.

Kenaka amatembenukira kwa makolo, ndipo apa amayenda mosamala. Sanyoza mwambo. Amati ulemu wa Achewa uli nazo kale njira zotsutsira munthu wamkulu osamuchititsa manyazi: kugwada, kuomba m'manja, kupempha mpata, kudzera mwa azakhali, agogo kapena amalume. Vuto ndi lakuti mkhalapakati nthawi zina amafewetsa uthenga mpaka kuusintha. Mtsikana wanena kuti sakufuna kukwatiwa, koma pofika kwa mwinimbumba mawu asanduka akuti "mwanayu akuchita manyazi chabe." N'chifukwa chake amapempha kuti mkhalapakati akatha kuyankhula, mwini nkhani afunsidwe pamaso pa onse ngati zimene zanenedwazo ndi zomwe iye anatuma.

Lamulo lomwe amaika pa bwalo ndi limodzi, ndipo limavuta akulu kuposa ana: usanayankhe, yamba wabwereza zomwe mnzako wanena mpaka iye avomere kuti wamumva. Bambo amene anakonzeka kukalipa amapezeka akunena kuti, "Ndiye ukuti ukufuna kubwerera kusukulu, mwana atsale ndi amayi ako?" Pomaliza kubwereza, ukali wina watsika kale. Nthawi zambiri pamapezeka mkulu wokumbutsa mwambi woti mwana akalirira nyanga ya msatsi msemere imufotere yekha. Mlangizi amauvomera, koma amafunsa ngati ena saugwiritsa ntchito pothawa kukambirana. Kumulekerera mwana kuti akaone yekha n'kosavuta kusiyana n'kukhala naye pansi ola lathunthu.

Pali nkhani zina zomwe amanena poyera kuti sizidalira kukoma mtima kwa makolo. Kuyambira 1993 boma limalola mtsikana amene anatenga pathupi kubwerera kusukulu akabereka. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko, kutseka mpata womwe unkalola wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomereza. Anthu a ku Dedza safunika kuwafotokozera zambiri, popeza Mfumu Yaikulu Theresa Kachindamoto inathetsa maukwati a ana mazanamazana m'dera lake, mpaka kuimitsa mafumu ang'onoang'ono omwe ankawaloleza. Mtsikana wokana banja, tsono, sakuchita mwano. Lamulo lili kumbali yake. Chomwe amasowa ndi poyankhulira ndi munthu womvetsera.

Zoona zake n'zakuti phunziro lotere silisintha mudzi tsiku limodzi, ndipo alipo abambo amene amachoka akung'ung'udza kuti aboma akuwononga ana. Mlangizi sawathamangira. Amapempha zinthu zing'onozing'ono zomwe zingaoneke ngati zachitika kapena ayi. Achinyamata akumane paokha msonkhano wotsatira usanafike, atsikana padera ngati akufuna, asankhe nkhani ziwiri zokha ndi anthu awiri odzaziyankhula, mnyamata ndi mtsikana. Wapampando awapatse mpata koyambirira, osati dzuwa litapendeka anthu akuyang'ana njira. Mlembi alembe pempho lawo m'buku la komiti pamodzi ndi yankho lomwe laperekedwa, kuti nkhaniyo ikafike ku komiti ya chitukuko ya dera, ija amati ADC. Ndipo kwa mwana amene nkhani yake singanenedwe pa bwalo, monga kugwiriridwa kapena kukakamizidwa banja, mlangizi amatchula amayi a gulu loyang'anira atsikana pasukulu, alangizi a zaumoyo, ndi nambala yaulere ya 116, imene amaibwereza kawiri asanabweze msonkhano m'manja mwa amfumu.