Tiphunzitse Amene Amatiyendetsera Madzi Kumudzi



Nkhani yathu lero ndi ya madzi akumwa komanso anthu amene tinawasankha kuti atiyendetsere mijigo ndi mipopi. Mwina wina afunsa kuti nkhani yotereyi yabwera bwanji pamsonkhano wa alimi. Mjigo ukafa, amene amalawirira kumtsinje mbandakucha ndi mayi yemwe uja amayenera kukhala kumunda. Kolera imakonda kubuka m'dzinja, pamene ntchito yopalira ndi kubandira ili mkati. Tonse tikukumbukira mliri wa 2022 mpaka 2023 umene unapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno.

Mipopi ya kumudzi inayamba mu 1968 ku Chingale, m'boma la Zomba, kumene anthu anakumba okha ngalande ndi kukwirira mapaipi otenga madzi kuphiri popanda injini. Kenaka ntchitoyi inafalikira ku Mulanje ndi maboma ena. Masiku amenewo boma linali ndi anthu ake oyendera mapaipi. Potsatira mfundo ya mphamvu ku anthu ya 1998 ndi ndondomeko ya madzi ya 2005, udindo waukulu unabwera m'manja mwathu kudzera m'makomiti a pamjigo ndi mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi, aja timati WUA. Udindo tinaulandira, koma maphunziro ake sanatipeze mokwanira.

Taganizani. Mabungwe asanu a madzi ali ndi akatswiri owerengera ndalama ndi odziwa za mapaipi. Kwathu kuno msungichuma ndi mlimi mnzathu amene tinamusankha chifukwa ndi wokhulupirika, koma palibe anamuonetsa kalembedwe ka buku la ndalama. Ndalama zikapanda kugwirizana timathamangira kumutcha wakuba. Anthu amaleka kusonkha, mpopi ukuuma, mudzi n'kugawikana.

Tsono maphunziro amene tikunenawa ndi otani?

Choyamba ndi ndalama. Aliyense wolipira alandire lisiti. Ndalama zikasungidwe kubanki, osati m'thumba la munthu, ndipo potapa asainire anthu awiri kapena atatu. Komiti idziwe kuwerengera mtengo wa madzi poyang'ana zimene zimawonongeka pachaka, malipiro a wokonza, ndi kangachepe kosungira tsiku la tsoka. Idziwenso kuti mlimi amakhala ndi ndalama akakolola. Kutolera za miyezi ingapo mu Juni ndi Julaye n'kwanzeru kusiyana ndi kulimbana ndi munthu mu Febuluwale, nkhokwe ili mbee.

Chachiwiri ndi kukonza zinthu zisanafe. Mjigo wa Afridev, umene uli m'midzi yathu yambiri, unapangidwa kuti anthu wamba azitha kuumasula okha. Timalabala ndi timabushi take n'totsika mtengo, koma tikachedwa kusintha timawononga ndodo ndi mapaipi, ndipo mtengo umakwera kambirimbiri. Kumipopi nako, pamene madzi amalowera kuphiri pamafunika kuchotsa masamba ndi mchenga, matanki kutsukidwa, ndi malo odontha kutsekedwa msanga.

Chachitatu ndi ukhondo. Woyendetsa madzi adziwe muyeso wa kolorini. Adziwe kuti chimbudzi ndi khola zisayandikire mjigo mosakwana mamita 30, ndiponso kuti madzi otayika alowe m'dzenje la miyala kapena akathirire dimba la komiti, m'malo mopanga chithaphwi choswera udzudzu.

Chachinayi ndi kuyankha kwa eni ake. Kamodzi pachaka komiti iitane msonkhano, iwerenge poyera zolowa ndi zotuluka.

Pempho lathu ku makhonsolo ndi mabungwe othandiza ndi ili. Musamangotiphunzitsa sabata imodzi popereka mjigo kenaka n'kusowa. Makomiti amasintha, ena amasamuka, ena amamwalira, ndipo nzeru zimapita nawo. Ikani ndalama ya maphunziro obwereza mu bajeti ya chaka chilichonse. Phunzitsani m'chinenero chathu, m'chilimwe pamene ntchito ya kumunda yachepa, ndipo amayi akhale patsogolo poti ndiwo amayamba kudziwa mjigo ukayamba kulemera.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Tilipire pa nthawi yake. Tileke kulima m'mphepete mwa mitsinje ndi kudula mitengo kumene kumachokera madzi. Tikabwerera kumakalabu athu, tikafunse mafunso atatu: komiti yathu inaphunzitsidwa liti, buku la ndalama lili ndi yani, ndipo zipangizo zosinthira zilipo? Mayankhowo tikawatengere ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi kwa khansala wathu. Mutu umodzi susenza denga.