Kuchotsa Zitsulo za Poizoni M'madzi Pogwiritsa Ntchito Zomera ndi Zotsalira za M'munda

Mau okambidwa kwa alangizi a zaulimi, atsogoleri a makalabu a ulimi wothirira ndi mafumu



Mlimi akaona madzi oyera ngati galasi amakhulupirira kuti ndi abwino. Chikhalirecho madzi angathe kukhala oyera m'maso koma atanyamula zitsulo zosungunuka monga mtovu, mkuwa, cadmium, chromium ndi mercury. Zina mwa izi, monga mkuwa, thupi limazifuna pang'ono chabe. Zina monga mtovu ndi mercury zilibe ntchito ina iliyonse m'thupi koma kuwononga. Zitsulozi siziola, ndipo kuphitsa madzi sikuzichotsa. Madzi akawira nthawi yaitali, nthunzi imachoka koma mtovu umatsalira mu mphika momwemo.

Gwero la vutoli

M'chigawo chino cha Africa zitsulozi zimalowa m'madzi kudzera m'migodi, m'mafakitale ofufuta zikopa, m'mabatire otayidwa chisawawa ndi m'zithaphwi za m'mizinda. Ku Kabwe m'dziko la Zambia mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 utagwira ntchito zaka pafupifupi 90, koma dothi ndi fumbi la kumeneko zikudwalitsabe ana. Mu February 2025 damu losungira zinyalala za mgodi wa mkuwa linaphulika ku Chambishi, ndipo madzi a asidi anasefukira mu mtsinje wa Mwambashi mpaka kukafika mu Kafue, napha nsomba ndi kuwononga mbewu za m'mbali mwa mtsinje. Ku Zimbabwe ndi m'chigawo cha Manica ku Mozambique, okumba golide ang'onoang'ono amagwiritsa ntchito mercury, ndipo yotsalira imathera m'mitsinje.

Mlimi ali ndi chifukwa chapadera chodera nkhawa. Madzi othirira m'dimba amasiya zitsulozi m'nthaka chaka ndi chaka, ndipo ndiwo zamasamba monga mpiru ndi repu zimaziyamwa. Ku Japan, m'chigwa cha mtsinje wa Jinzu, alimi anathirira mpunga ndi madzi okhala ndi cadmium wochokera ku mgodi. Anthu ambiri, makamaka amayi achikulire, anafooka mafupa ndi kuwonongeka impso, ndipo mu 1968 boma linavomereza kuti gwero la nthendayo linali madzi omwewo. Mtovu nawo umabwezera m'mbuyo nzeru ndi kakulidwe ka mwana. N'chifukwa chake bungwe la World Health Organization limalangiza kuti m'lita imodzi ya madzi akumwa mtovu usapitirire mamiligalamu 0.01, ndipo cadmium asapitirire 0.003.

M'mene zomera zimagwirira zitsulo

Makina amakono ochotsera zitsulo m'madzi ndi okwera mtengo ndipo amalira magetsi. Ichi ndicho chachititsa akatswiri kuyesa zinthu zimene mlimi amataya pakhomo: mankhusu a mpunga, makoko a mtedza, zitsononkho za chimanga, makoko a nthochi, utuchi ndi makala opangidwa kuchokera ku zinthu zomwezi.

Chitsulo chikasungunuka m'madzi chimagawikana m'tizidutswa tosaoneka, ndipo tambiri mwa ito timakhala ndi mphamvu ya magetsi yotchedwa positive. Pakhungu la zotsalira za zomera pali timalo tambirimbiri tokhala ndi mphamvu yosiyana nayo, ya negative. Ziwirizi zimakokana monga maginito akokera singano, motero chitsulo chimakakamira pa chomeracho, madzi n'kudutsa. Chomera sichifunika kukhala chamoyo kuti izi zichitike.

Pali zinthu zinayi zimene zimalamulira ntchitoyi. Choyamba ndi kusalala kwa ufa: zotsalira zosinjidwa bwino zimakhala ndi malo ambiri ogwirira chitsulo kusiyana ndi zibenthu zikuluzikulu. Chachiwiri ndi nthawi, pakuti madzi ongodutsa mothamanga sapereka mpata wokwanira. Chachitatu ndi asidi: m'madzi a asidi wambiri, monga otuluka m'migodi, asidiyo amalanda malo a mtovu ndi cadmium, choncho madziwo ayenera kuyamba athiridwa laimu. Chachinayi ndi kudzaza. Timalo tija tikatha, zotsalirazo sizigwiranso kanthu, ndipo sefa yosasinthidwa ingathe kuyamba kubwezera zitsulo m'madzi.

Njere za chammwamba

Mtengo wa chammwamba, womwe ena amautcha kangaluni ndipo asayansi amati Moringa oleifera, ndi wodziwika m'chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Njere zake zili ndi puloteni imene imasonkhanitsa timatope toyandama kuti tiundane ndi kumira pansi. M'zaka za m'ma 1990 njerezi zinayesedwa pamalo oyeretsera madzi ku Thyolo m'malo mwa mankhwala ogula kunja, ndipo zinayeretsa bwino madzi amatope. Pambuyo pake akatswiri a ku Chancellor College ku Zomba anaonetsa mu labotale kuti ufa wa njerezi umachepetsanso mtovu m'madzi.

Kakonzedwe kake ndi kosavuta. Njere zokhwima ndi zouma zimasendedwa, kusinjidwa ndi kusefedwa. Ufawo umasukunulidwa m'madzi oyera pang'ono, n'kutsanulidwa mu ndowa. Madzi amatope kwambiri amalira pafupifupi njere imodzi pa lita. Kenaka amatakasa mofulumira kwa mphindi zochepa, n'kutakasanso pang'onopang'ono, ndi kusiya madziwo kwa ola limodzi kapena awiri asanawatsanulire m'chiwiya china kudzera pa nsalu yoyera. Madzi otere sayenera kusungidwa masiku ambiri, chifukwa ufa wotsalira umasanduka chakudya cha tizilombo.

Zomera zamoyo

Kumene madzi oipa amatuluka mosalekeza, monga kukamwa kwa ngalande ya fakitale, dambo lochita kukonza limathandiza. Madzi amayendetsedwa pang'onopang'ono m'timaiwe todzalamo bango ndi udzu wa vetiva, ndipo mizu pamodzi ndi matope zimasunga gawo lalikulu la zitsulo. Namasupuni naye amayamwa zitsulo kwambiri, koma ndi udzu woopsa umene wavutitsa kale mu Shire, mu Kafue ndi m'nyanja ya Chivero. Asadzalidwe kumene kulibe; wovuulidwa mu mtsinje angathe kuumitsidwa ndi kusinjidwa kuti agwire ntchito ngati sefa.

Chenjezo kwa alangizi

Njirazi zimasamutsa chitsulo kuchoka m'madzi kupita m'zotsalira, koma sizichiwononga. Mankhusu, matope kapena udzu umene wagwira ntchitoyi ndi poizoni. Zisaperekedwe kwa ziweto, zisaikidwe mu dzenje la manyowa, ndipo zisatenthedwe pabwalo, makamaka pamene pali mercury, pakuti iyeyu amauluka ndi utsi. Zikwiriridwe m'dzenje lomatidwa ndi dongo, kutali ndi zitsime, madimba ndi mitsinje, motsata malangizo a ofesi yoona za chilengedwe.

Kuonjezera apo, zotsatira za mu labotale zimaposa za kumudzi, chifukwa madzi a mu mtsinje amakhala ndi mchere wosiyanasiyana umene umalimbirana malo ndi zitsulo. Madzi osefedwa asatengedwe kuti ndi akumwa mpaka atayezedwa ku labotale. Ngati gwero laonongeka kwambiri, banja lipeze madzi akumwa kwina, ndipo sefa ikhale yothandiza pa madzi othirira.

Udindo wa mlangizi ndi wodziwa zimene zili kumtunda kwa mtsinje umene alimi ake amathirira, kutumiza madzi ndi dothi kukayezetsa m'dzinja ndi m'chilimwe, ndi kudziwitsa mafumu ndi akuluakulu a boma msanga nsomba zikayamba kufa kapena mbewu zikapserera popanda chifukwa chodziwika. Akale anati safunsa anadya phula. Kalabu imene ikufuna kuyesa njirazi iyambe ndi kayezedwe ka madzi, iyese padimba limodzi, ndipo ilembe zotsatira zake kuti makalabu a m'maiko oyandikana aphunzirepo.