BUNGWE LA MAGULU A OIMBA KU AMERICA

Omvera wailesi ambiri anamvapo nyimbo zimene mavayolini, zitoliro, malipenga ndi ng'oma zilira pamodzi. Gulu loimba motere Azungu alicha okestra. Gulu lalikuru likhala ndi anthu 80 kapena 100, ndipo onse ayang'ana munthu mmodzi wogwira kandodo, amene awaonetsa poyambira ndi polekera.

Koma kusunga gulu lotere kudya ndalama zambiri. Oimba afuna malipiro, nyumba yoimbiramo ifuna lendi, ndipo ndalama zolipira pakhomo sizikwanira. M'mizinda yaikuru ya ku America, monga New York kumene gulu linayamba m'caka ca 1842, ndi Boston kumene linayamba mu 1881, munali anthu acuma othandiza. Magulu a m'mizinda yaing'ono ndiwo anali kusauka, makamaka pa nthawi ya nkhondo yaciwiri, pamene anyamata ambiri oimba anapita ku usilikali.

M'caka ca 1942 Mai Leta Snow, woyang'anira gulu la ku Kalamazoo, anaitana anzace a nchito yomweyo ku msonkhano mu mzinda wa Chicago. Kumeneko kunabadwa bungwe lochedwa American Symphony Orchestra League. Mu 1950 Mai Helen Thompson wa ku Charleston, West Virginia, anakhala mlembi wace, ndipo anagwira nchitoyo zaka 20.

Anthu a pa migodi angaganize kuti ili ndi bungwe lomenyera malipiro. Iai, oimba ali ndi lao lao, American Federation of Musicians, la mu 1896. Mamembala a bungwe la Mai Snow ndiwo magulu eni ace. Nchito yace ndiyo kuphunzitsa oyang'anira kasungidwe ka ndalama, kuphunzitsa ogwira kandodo aja, kuitanitsa msonkhano caka ndi caka, ndi kulankhulira onse pamaso pa Boma. Boma linali kudula msonkho pa tikiti iri yonse ya pakhomo. Bungwe linadandaula kolimba, ndipo m'zaka za 1950 msonkhowo unacotsedwa. Gulu limodzi palokha silikadamveka.

Mu 1962 Nyumba ya Malamulo ya dzikolo inalibvomereza ndi kalata. Mu 2007 dzina linasintha kukhala League of American Orchestras, ndipo likulu lace liri ku New York. Akulu akale sananame ponena kuti mutu umodzi susenza denga.