Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku Loganizira Matenda a Shuga ku Ntcheu



Tasonkhana pa 14 November chifukwa ndi tsiku lomwe anabadwa Frederick Banting, yemwe pamodzi ndi Charles Best anapeza insulin ku Toronto mu 1921. Mankhwalawa asanabwere, mwana akapezeka ndi shuga, makolo ankangodikira maliro. Makolo, mundimvetse pamenepa: shuga wa ana sabwera chifukwa chodya nzimbe, komanso palibe amene wamulodza mwanayo. Chitetezo cha m'thupi mwake ndicho chimasokonekera n'kuwononga tizigawo ta kapamba topanga insulin.

Vuto la insulin ndi lakuti sachedwa kutha mphamvu. Akalowa m'magazi amatha m'mphindi zochepa chabe, ndipo kumwa sizitheka chifukwa m'mimba amagayidwa ngati ndiwo. Ndiye akatswiri akhala akulimbana ndi funso limodzi: tichite bwanji kuti akhalitse? Mu 1936, Hans Christian Hagedorn wa ku Denmark anamusakaniza ndi protamine, wochokera ku nsomba, kuti azisungunuka pang'onopang'ono pansi pa khungu. M'menemo ndi momwe munachokera NPH, uja wooneka mbuu amene ambiri mumabaya m'mawa ndi madzulo. Mu 2000 kunabwera glargine, wogwira ntchito tsiku lathunthu. Ndipo mu 2024 ku Ulaya anavomereza icodec, wobaya kamodzi pa sabata. Ameneyu anamulumikiza kachingwe ka mafuta kuti azikakamira ku albumin wa m'magazi, n'kumamasuka pang'onopang'ono.

Wina anganene kuti izi n'za kutali. Ayi ndithu. Taganizirani mayi wa ku Tsangano kapena ku Kasinje, yemwe furiji alibe, amasunga kabotolo mumtsuko wokwirira mumchenga wonyowa, n'kumadzutsa mwana mbandakucha kuti amubaye asanapite kusukulu. Kwa mayi ameneyu, jakisoni mmodzi akachotsedwa patsiku, goli lapepuka.

Mu 2021 bungwe la WHO linaika insulin wokhalitsa pamndandanda wa mankhwala ofunikira. Choncho ndikupempha unduna wa zaumoyo ndi aphungu athu kuti mankhwalawa asamangothera m'mizinda. Afike pachipatala cha boma pano mpaka kuzipatala zing'onozing'ono zakumudzi.

Inu odwala, pakadali pano gwiritsani amene alipo. Musadumphitse jakisoni, ndipo musasinthe mlingo panokha osafunsa adokotala. Mafumu, thandizani kuti mwana womva ludzu losatha, wokodza pafupipafupi ndi kuwonda, makolo ake athamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo.