Dzanja Limaphunzira kwa Diso

Mau amene mmodzi wa amai a Mvano analankhula pa tsiku la chikondwerero ku Kachulu



Pamene akomiti ankakonza magazini ya chikondwerero chino, anayenda khomo ndi khomo kufunafuna zithunzi za amai oyamba amene anakhazikitsa Mvano kuno kwathu. Maina ao tili nao m'buku, nyimbo zao tikuimbabe, koma nkhope za ambiri mwa iwo sizinapezeke. Ena sanajambulitsepo moyo wao wonse. Zithunzi za ena zinadyedwa ndi chiswe, zina zinapita ndi madzi. Nchifukwa chake anandipempha kuti ndilankhule za kantchito kamene ndimachita ndi pensulo, ndi m'mene ndinakaphunzirira popanda mphunzitsi.

Ndinayamba mu 1995, chaka chimene nyanja yathu ya Chilwa inaphwa. Achikulire akukumbukira kuti inaphwanso mu 1968, ndipo za mu 2018 tonsefe tinaziona. Ine ndinali wogulitsa matemba. Matemba atasoŵa, bambo a kunyumba anapita kutali kukafuna ganyu, ine nkutsala ndi ana, manja alibe chogwira. Tsiku lina ndinatola khala pa moto wozima, ndipo ndinajambula pa katoni bwato limene linali pa matope ouma kudooko. Linaoneka ngati nthochi. Ana anaseka, inenso ndinaseka, koma m'maŵa mwake ndinapitanso.

Panali ena amene anandiuza kuti kujambula ndi maseŵera a ana, sikuyenera mai wapabanja. Koma tikaŵerenga Eksodo mutu 31 ndi 35 timapeza kuti Mulungu anaitana Bezalele ndi Oholiabu, naŵapatsa luso lolinganiza zokongoletsa chihema, ndiponso kuti akazi aluso anapota thonje la ntchitoyo ndi manja ao. Kuno ku Malaŵi nakonso, m'mapanga a ku Chongoni m'boma la Dedza muli malo 127 a zojambula zakalekale, amene bungwe la UNESCO linaŵaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zina mwa zojambula zoyera za kumeneko anazijambula ndi akazi Achicheŵa polangiza anamwali. Tsono dzanja la mkazi silinayambe lero ntchito imeneyi.

Zimene ndaphunzira pa zaka zonsezi zili pa mau amodzi: jambulani chimene diso likuona, osati chimene mutu ukuganiza. Ndikupatsani zinthu zitatu.

Choyamba ndi thupi la munthu. Muyeso wake ndi mutu wake womwe. Tambasulani dzanja, gwirani pensulo choimiritsa, tsinzinani diso limodzi. Nsonga ya pensulo ilunjike pamwamba pa mutu wa munthuyo, chala chanu chachikulu chilunjike pa chibwano chake. Kenaka tsitsani muyeso umenewo mpaka ku mapazi mukuŵerenga. Mudzapeza kuti munthu wamkulu ndi mitu 7 kapena 7 ndi theka, pamene mwana wa chaka chimodzi ndi mitu 4 yokha. Mukampatsa mwana kamutu kakang'ono, adzaoneka ngati kankhalamba. Manja akalendeŵera, chigongono chimalingana ndi mchombo, ndipo nsonga za zala zimafika pakati pa ntchafu.

Koma anthu a kudooko saima kuti muŵayese. Kumeneko ndinaphunzira kuyamba ndi mzere umodzi wa msana. Mai wosenza beseni la nsomba msana ndi khosi zimakhala chilili. Msodzi wokankha bwato ndi nsungwi amaŵerama ngati uta. Mukaugwira mzere umenewo munthu asanachoke, miyendo ndi zovala mudzaonjeza pambuyo.

Chachiŵiri ndi nkhope. Munthu woyamba amene ndinamkhazika pansi anali malemu amai anga. Anakhala pa mphasa ola lathunthu osagwedezeka. Nditaŵaonetsa pepala, analiyang'anitsitsa nati, "Iwe mwana wanga, mphumi yanga waisiya kuti? Kodi ndine kadzidzi ine?" Ndinali nditaika maso pamwamba penipeni, chifukwa mutu wanga unkandiuza kuti maso amakhala kumwamba kwa nkhope. Ndinathyola kaudzu, nkuyesa pa nkhope yao. Maso anali pakatikati, kuchokera pamwamba pa mutu kufika pa chibwano. Yesani pa mnzanu amene mwakhala naye pafupiyo, mudzaona. Pakati pa maso aŵiri pamakwana diso lina limodzi. Khutu limayambira pa mzere wa nsidze ndi kuthera pa mzere wa kunsi kwa mphuno.

Miyeso imeneyi ndi nsichi chabe, nyumba isanaphomedwe. Chimene chimachititsa kuti anthu anene kuti, "Aŵa ndi aujeni," ndi pamene munthuyo wasiyana ndi anzake: mpata wa m'mano, makwinya a pambali pa kamwa, kamangidwe ka duku. Musachotse makwinya pofuna kukondweretsa munthu, pakuti mukatero mwachotsa mwini wake. Mkhazikeni pakhomo kuti kuŵala kumgwere mbali imodzi, mbali inayo mudetse pang'ono ndi kutikita ndi chala. Mthunzi umenewo ndiwo umatukula mphuno ndi masaya pa pepala.

Chachitatu ndi kuonetsa kutali ndi pafupi pa pepala losalala. Pa ichi ife a ku Kachulu tili ndi mwai, chifukwa dziko lathu ndi la see. Imani kudooko, yang'anani kumene madzi akumana ndi thambo. Mzere umenewo nthaŵi zonse umalingana ndi maso anu: mukakhala pansi umatsika, mukakwera pa chulu umakwera. Ulembeni poyamba, mosasindikiza. Tsono onani anthu a msinkhu wanu amene aima pa malo athyathyathya pamodzi ndi inu. Wapafupi ndi wakutali yemwe, maso ao onse ali pa mzere womwewo. Chimene chimasintha ndi mapazi: a munthu wakutali amakwera m'mwamba pa pepala, motero munthuyo amachepa. Ine ndinatha zaka ziŵiri ndikujambula asodzi ooneka ngati akuuluka ndisanazindikire chimenechi.

Mizere yonse yothaŵa kwa inu, monga mbali ziŵiri za mseu wa ku Zomba, kapena mitanda ya denga la tchalitchi chino, imaoneka ngati ikukakumana pa malo amodzi pa mzere wa maso uja. Zinthu zakutali zimazimiriranso. Chilumba cha Chisi muchijambule mopepuza dzanja, koma bango la pafupi ndi inu mulisindikize. Pambuyo pake ndinadzamva kuti mmisiri wina wa ku Florence m'dziko la Italy, Filippo Brunelleschi, anaonetsa lamulo la mizere yokumanali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, ndipo Leon Battista Alberti analilemba m'buku mu 1435. Lamulo lomwelo lili poyera pa nyanja yathu kwa aliyense woyang'ana modekha. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Zida sizofuna ndalama zambiri. Khala, katoni ndi pepala la thumba la simenti nzokwanira poyamba. Mukapeza kangachepe, gulani kope ndi mapensulo aŵiri: yolembedwa HB ya mizere yoyambira, ndi ya 2B, yofeŵa ndi yakuda, ya mithunzi. Jambulani mphindi 15 tsiku lililonse, ngakhale podikira kuti madzi a nsima aŵire. Lembani tsiku pa tsamba lililonse, ndipo loipa musang'ambe, chifukwa ndilo lidzakuonetsani kumene mwachokera. Mukamaliza, yang'anani chojambulacho pa galasi loonera nkhope, ndipo pamene papendama padzaonekera msanga.

Ena mudzati, nanga foni si ilipo? Zoona, jambulani nayo, ndipo chithunzi cha m'foni chingakuthandizeni pophunzira. Koma ndi angati mwa ife amene foni zao zinagwera m'madzi kapena kubedwa, zithunzi zonse nkupita nazo? Mu March 2023, mvula ya namondwe Freddy italoŵa m'nyumba mwathu, chithunzi chimodzi chokha cha amai anga, chimene anajambulitsa ku Zomba ali mtsikana, chinasanduka phala. Chimene chinatsala ndi cha pensulo chimene ndinaŵajambula chaka chao chomaliza, pakuti chinali kwa mwana wanga. Adzukulu anga amaŵadziŵira pamenepo agogo ao aakulu. Ndipo masiku amene ndinakhala ndikuyang'ana nkhope ija, iwo akundisimbira za kale, palibe madzi angandilande.

Tsono pempho langa ndi ili. M'milaga yathu yonse muli achikulire amene anavala duku loyera ife tisanabadwe. Tisadikire chikondwerero china, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mlaga uliwonse upeze mai kapena mtsikana mmodzi woti ayambe kuphunzira, ndipo ine ndili wokonzeka kukhala nao pambuyo pa msonkhano wathu. Inu makolo, mukapeza mwana wajambula kumapeto kwa kope la masamu, musammenye, mgulireni lina. Ndipo inu agogo athu, akabwera mwana ndi pensulo, khalani pa mphasa moleza mtima, ngakhale atakusandutsani kadzidzi ulendo woyamba. Wachiŵiri mphumi adzaibweza.

Mulungu amene anaumba nkhope zathu zonse, iliyonse yosiyana ndi inzake, adalitse maso athu ndi manja athu, ndipo adalitse Mvano wathu.